Ziro Yoona ndi Ziro Yabodza

Kompyuta inangoti thimu kachiwiri, vidiyo ya kwaya ili pakati penipeni. Muriel anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Mwe! Yazimanso?"

Pamawindo a chipinda cha makompyuta, pasekondale yoyendera ya ku Katowo, kwaya yonse inali itaunjikana. Dzulo lake anali ataimba mpaka mawu kusasa, Muriel akuwajambula ndi foni ya Madamu NyaLuhanga. Chotsala chinali chakuti kompyuta ilumikize zidutswa zonse zikhale vidiyo imodzi, Madamu aitengere pa fulashi ku boma kwa oweruza mpikisano wa makwaya. Tsiku lomaliza lolandira mavidiyo linali lomwelo. Zoti angaitumize pafoni musaziganize n'komwe, ndi netiweki ya kuno munthu ungamere imvi ukudikira.

Hezron, mnzake wa Fomu 3 yemwe ankasamala naye chipindacho, anayatsanso kompyutayo n'kutsegula kapulogalamu koonetsa liwiro la mafani oziziritsa mkati. Panali mizere iwiri, ndipo yonse inali pa ziro.

"Taona wekha," anatero Hezron. "Mafani onse awiri afa. Ikutentha, n'chifukwa chake ikudzizimitsa."

"Afa kuti?" Muriel anagwira dzanja la mnzakeyo n'kuliika kumbuyo kwa kompyuta. "Nanga kamphepo aka kakuchokera ku Nyika? Kapulogalamu kakoko n'kabodza. Chiikireni mapulogalamu atsopano teremu yatha, kamangoonetsa ziro. Vuto ndi magetsi a sola basi."

Muriel anali wanzeru, zimenezo palibe ankakana, koma anali ndi kamatenda koti akanena wanena. Hezron nayenso, chilichonse chotuluka pa sikirini ankachikhulupirira ngati vesi la m'Baibulo. Awiriwa akayamba kukangana, anzawo ankangokoka mipando n'kumaonerera.

"Ngati mafani afa, tiikupize tokha," anatero Hezron. "Mtende, itana anzako a alto!"

Mtende, mtsogoleri wa kwaya, analowa ndi atsikana anzake, wina katoni, wina chivundikiro cha ndowa. Anazungulira kompyuta ija n'kuyamba kuikupiza ngati akukoleza mbaula, uku akuimba ndi kugwedeza mapewa. Apawindo anali kufa nazo nseko. Muriel anayambitsanso vidiyo ija akupukusa mutu.

Inayenda, inayenda, kenako thimu!

Nyimbo inathera m'kamwa. Nthawi yomweyo Madamu analowa chikwama chili paphewa.

"Ana inu, matola ikupakira matumba pamsikapo. Ikangomaliza ine ndanyamuka, kaya ndi vidiyo kaya chimanjamanja."

Muriel anayang'ana babu la kudenga. Linali kuyaka bwinobwino, silinaphethire n'komwe. Choncho magetsi analibe mlandu. Manyazi anamugwira poona nkhope za anzake amene anamukhulupirira. Anatembenukira kwa Hezron.

"Hezron," anatero chapansipansi, "mwina kapulogalamuka sikakunama. Mwina kakungolephera kumva."

"Kumva chiyani?"

"Pabolodi lalikulu la mkatimu, lija amati mazabodi, pali sensa yowerenga kuzungulira kwa mafani. Koma kuti kapulogalamu kamve zonena za sensayo pamafunika dalaiva, kapulogalamu kena komasulira. Popanda dalaiva zili ngati Mchewa wongofika kumene kuno, anthu akumuuza zonse m'Chitumbuka iye n'kumangoti ee, ee."

Hezron anawomba m'manja. "Ndiye poika mapulogalamu atsopano paja dalaiva anaiwalika! Dikira, dzina la bolodili ndikudziwa polipeza."

Anatayipa mofulumira, dzina lija n'kutuluka pa sikirini. Muriel analilemba pachikhatho, n'kupempha foni ya Madamu, n'kuthamangira pachulu cha kuseri kwa makalasi, pamalo pokhapo pomwe netiweki imagwira mwaulemu. Anaima pamwamba pake mkono uli m'mwamba, anyamata a besi akumuchemerera ngati wagoletsa chigoli. Mwamwayi dalaiva wa bolodilo, yemwe anamupeza pa intaneti, anali kafayilo kakang'ono. Anabwerera ali wefuwefu, n'kulumikiza foni ku kompyuta. Hezron anaika dalaiva uja, anazimitsa, n'kuyatsanso.

Onse anasuzumira. Mzere woyamba unadzuka: 1,400. Wachiwiri unakhalabe pa ziro, osasuntha.

"Ndimanena ine!" anakuwa Hezron.

"Ndimanena ine!" anakuwanso Muriel nthawi imodzimodziyo.

Anayang'anana, kenako onse anaphulika nako kuseka. Fani yakumbuyo inali yamoyo ndithu, ndiyo inkatulutsa kamphepo kaja. Koma yamkati, yoziziritsa purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, inali itaimadi. Polemba timakalata kompyuta inkapirira, koma ntchito yolemera ya vidiyo ndiyo inkaitenthetsa.

"Madamu, mutilole titsegule," anapempha Muriel.

"Tsopano poti mukudziwa chomwe mukufuna, tsegulani. Koma muyambe mwazula chingwe kukhoma."

Hezron anamasula mbali ya kompyuta, n'kuchotsa chivundikiro chapulasitiki chomwe chinkabisa faniyo. Abale inu! Mavu anali atamangapo kanyumba kadothi, kokhala bwino, kolumikiza mapiko a fani ndi khoma lake.

"Alendo osalipira lendi," anatero Mtende akubwerera m'mbuyo. "Eni ake alimo?"

"Anasamuka kalekale," anayankha Hezron.

Muriel anagumula dothilo pang'onopang'ono ndi kansonga ka bolopeni, Hezron akuuzira fumbi ndi pampu ya njinga mpaka onse kuyetsemula. Atakankha fani ndi chala inazungulira mopepuka. Anatseka, n'kuyatsa. Mzere wachiwiri unalumpha kufika pa 2,100, ndipo pawindo panamveka nthungululu.

Vidiyo itangodutsa pakati paja pomwe inkafera, hutala ya matola inalira kumsewu.

"Pitani mukaichedwetse!" anakuwa Muriel.

Kwaya yonse inakhamukira kumsewu, Madamu akutsatira pambuyo. Anazungulira galimoto ija n'kuyamba nyimbo yawo ya mpikisano, mawu onse anayi. Woyendetsa anayamba wakalipa, koma posakhalitsa zala zake zinali kugogoda chiwongolero, ndipo amayi okhala pamatumba anayamba kuthira mang'ombe.

Akali mkati moimba, Muriel ndi Hezron anatulukira akuthamanga, nkhope zili mbuu ndi fumbi. Muriel anakweza fulashi m'mwamba, ndipo msika wonse unamva phokoso la chimwemwe.

Madamu anailandira ali kale pampando wakutsogolo. "Ndiye ndikawauze ahedi kuti wakonza ndani?"

Mawu akuti "ine" anali atafika kale pansonga ya lilime la Muriel. Anawameza.

"Ndikanakhala ndekha ndikanaiotcha kompyutayo, Madamu. Hezron amanena zoona, imatenthadi. Yewo, Hezron," anathokoza m'Chitumbuka.

Hezron anagwira khutu lake. "Wati bwanji? Bwerezanso, a besi kumbuyoku sanamve."

Muriel anamukankha paphewa, koma anabwereza ndithu, mokweza. Mtende anakweza dzanja, ndipo kwaya yonse inawalandira mawuwo n'kuwaimba, "Yewo, Hezron, yewo chomene," matola ikunyamuka ndi vidiyo yawo kulowera ku boma.