Kompyuta ya Malemu Cephas

Woyamba kufunsa za mpweyawo anali Tinenenji, mayi wa chipinda choyandikana, pakuti nyumba za ku Nangongwe, komboni ya m'tauni ya Kafue, khoma lake ndi dzina chabe. Maliro a Cephas, mwamuna wa Emelia, anali atangomwazika. Usiku uli zii, achule okha akulira kumadambo, kuseri kwa khoma kunamveka kupuma kolemera: fuu, kenako kamluzu kopyapyala ngati ka ketulo, kenako fuu. Umo ndi momwe Cephas ankapumira miyezi yake yomaliza, fumbi la thonje litamudya mapapo.

"Ba Emelia," Tinenenji ananong'ona m'mawa, "nindani enze kupuma mu nyumba mwanu?"

Emelia nayenso anali ataumva, ndipo atadzuka anapeza kompyuta itadziyatsa yokha pakona, kuwala kwake kukunyambita khoma, masipika akupuma.

Kompyutayo Cephas anaigula fakitale ya nsalu imene ankagwirako ntchito itagulitsidwa, antchito n'kuuzidwa kuti azidzionera okha. Anaphunzitsa mkazi wake kutaipa makalata a anthu ofuna ntchito ndi mapulogalamu a maliro, zinthu ziwiri zomwe sizinkasowa m'Kafue zaka zimenezo. Anaikamonso pulogalamu yosaka madiraiva atsopano, timalangizo tija timene timamvanitsa kompyuta ndi pulinta kapena masipika. Kabokosi kankatulukira pagalasi kufunsa ngati ichite apudeti, kutanthauza kuika madiraiva atsopanowo, tsopano kapena mtsogolo. Cephas ankasankha mtsogolo nthawi zonse. "Chikali kusebenza, osachigwira," ankatero.

Kenako anafika Goodwell, mkulu wake wa malemu, ndi lole yochokera ku Lusaka. Munthu amene sanabwerepo ndi lalanje limodzi m'bale wake ali pamphasa! Anakweza bedi, mipando, sitovu, ngakhale masupuni. Kompyuta anati ainyamula m'mawa, ndipo anagona pansi pafupi nayo ngati mlonda. Pakati pa usiku galasi linayaka, mpweya uja n'kuyamba. Goodwell anatulukira pakhomo nsapato zili m'manja.

"Ichi chisale," anatero kutacha, osayang'ana kukona. "Mufana wanga akali mukati."

Anthu inu, dziko ili! Achibale anangoyang'ana pansi, a mpingo anati ndi za m'banja, koma chimene chinateteza mkazi wamasiye ndi masipika olira. Emelia anazindikira msanga kuti mpweyawo ndiwo mpanda wake. Mantha anali nawo, komabe sankazimitsa makinawo pakhoma, ndipo kabokosi kakafunsa ankasankha mtsogolo.

Koma mpanda womwewo unatsekerezanso makasitomala. Kumsika ankati Emelia anatsekera mwamuna wake m'makina kuti azimugwirira ntchito. Ena ankati kalata yotaipidwa kumeneko imanunkha dothi la kumanda. Ndiye pulinta yakale inafa, ndipo ina yogwiritsidwapo kale imene anaipeza inakana kumvana ndi kompyuta. Anaitana Jethro, wokonza makina wa pafupi ndi siteshoni ya sitima.

Jethro anaseka mpaka kutsokomola. "Kulibe chipuku apa, mama, kulibe mzukwa. Iyi pulogalamu ndiye iusha kompyuta, iiyatsa usiku. Diraiva ya saundi inaonongeka, ndiye chifukwa masipika yalila so. Ya pulinta kulibiletu. Tichite apudeti, vonse vizankala bwino."

"Sungakonze ya pulinta yeka, ya saundi uisiye?"

"Iyi pulogalamu sisankha. Ni vonse pamodzi olo kulibe."

Emelia anati aganize kaye. Anaganiza mpaka ufa unatha m'chitini. Akapanda kukonza, palibe pepala lotuluka, palibenso nshima. Akakonza, Goodwell abwerera. Tsiku lomwe anagona ndi madzi okha m'mimba, anaitananso Jethro, amene analumikiza intaneti ya pa foni yake. Emelia anadina yekha. Kamzere kobiriwira kanakwawa pagalasi mpaka kumapeto, pulinta n'kulavula pepala lolembedwa bwino.

Usiku umenewo m'nyumba munali chete wolemera, womva nawo mtima wako ukugunda. Emelia analira, chifukwa ngakhale unali phokoso la makina, unali mpweya womaliza umene unamutsalira.

"Ba Cephas bagona bwino lelo, ka?" anatero Tinenenji m'mawa, maso ali mwee.

Pakamwa pa Tinenenji pamafika ku Lusaka minibasi isanadzaze. Choncho, kuopa kuti Goodwell amva kuti mpweya watha, kutada Emelia anayatsa galasi, anatenga ndowa yachitsulo, nakhala pasimenti chotsamira khoma. Analowetsa nkhope m'ndowamo n'kuyamba: fuu, kamluzu, fuu. Kupumako ankakudziwa bwino, si iye ankamutembenuza mwamunayo pamphasa? Kuseri kwa khoma anamva Tinenenji akuyamba pemphero.

Anatero usiku ndi usiku, m'chisanu cha mwezi wa Juni, nkhungu ya kumtsinje ikulowera pansi pa chitseko. Masana ankataipa, maso ali psuu. Kenako m'mawa wina, akutunga madzi pampopi, kamluzu kaja kanatuluka kokha m'chifuwa mwake, popanda ndowa. Amayi anzake anasuntha zigubu zawo mwakachetechete. Kukiliniki anamupima, osapeza kanthu. Anasiya za ndowa, koma chifuwa sichinasiye, ndipo mpweyawo unayamba kumutsatira kumsika, m'tchalitchi, paliponse.

Goodwell anabwera dzuwa lili pamutu, akukankha wilibala. Anaima pakhomo n'kutchera khutu. Kukona kunali zii. Kamluzu kankachokera kwa Emelia, amene anagwira chitseko kuti asagwe.

"Nanvela, mulamu, ni zoona," anatero Goodwell mofatsa, ngati wopepesa maliro. "Achoka mu makina, alowa muli imwe. Manje ichi chili bwino."

"Nenze ine neka, na ndowa..." Emelia anayamba, koma mpweya unamuthera pakhosi, mawu otsalawo n'kusanduka mluzu. Tinenenji, ataima panja ndi anthu ena, anagwedeza mutu movomereza. Palibe anatambasula dzanja. Goodwell anazula zingwe, anakweza kompyuta, pulinta ndi tebulo lomwe, ndipo gudumu la wilibala linalira mpaka kumsewu.

Usiku Emelia anagona pamphasa m'chipinda chopanda kanthu. Chifuwa chinkalira, ndipo atatopa nacho anatseka pakamwa, nagwira mphuno kuti amveko bata ngakhale pang'ono. Mpweyawo sunaleke. Unkachokera kukona kopanda tebulo, kopanda chingwe, wolemera, wosafulumira: fuu, kamluzu, fuu.

Emelia sanakuwe. Mantha anali atamuthera, munatsala mkwiyo wokha. Anatembenukira kukonako mumdima.

"Manje ndiye wabwela, Cephas? Muzuba, pamene Goodwell enze kutenga kompyuta, wenze kuti?"