Bwato Lomwe Silinanyamulepo Mowa

Khalani pansi inu! Mphatso, leka kutafuna mzimbewo ngati mbuzi, ukundisokoneza. Takondwa, gwira bwino cholemberacho, ulembe momwe ndikuyankhuliramu, usandikongoletsere ndi Chichewa chanu cha kusukulu. Ine Nachisale sindinapondepo m'kalasi, koma kafunseni kuyambira ku Lifuwu mpaka pa boma ngati alipo anatchezapo kachasu woposa wanga. Tsekani zeneralo, mwera wayamba, udzatiulutsira mapepala. Chete tsopano.

Nkhaniyi ndi ya Ester, yemwe uja wa kuseri kwa mjigoyu. Anachokera kumapiri a ku Dedza ndi mwamuna wake Kenneth, kalaliki wa muofesi. Atangotha mavoti a matipate aja, ntchito ya Kenneth inatha, zinthu zinakwera, ndipo aliyense ankati ufulu wafika, palibenso woswa mbiya za kachasu za anthu. Ndiye Ester anabwera kwa ine, nkugwada.

"Amayi, ndiphunzitseni kutcheza. Koma wanga azinunkhira, wa masau ndi makoko a mandimu, woti aphunzitsi azimwa osabisa botolo."

Ndinamuuza zonse. Mbiya ukaigogode ndi chala, ikalira nge! ndi yomweyo, ikati phu, isiye. Paipi isakhale ya dzimbiri, kapena yodutsamo mafuta a galimoto, upha anthu. Ndiye pali chigoba, chothiramo madzi ozizira, chomwe paipi imadutsamo kuti nthunzi isanduke mowa. Ena amadula tayala. Ine ndinati, pita kwa wosema mitondo akusemere chatsopano.

Sanapite. Potola nkhuni kugombe anapeza bwato losweka litakodwa m'bango, kumbuyo kutadyeka koma pakati pali bwinobwino. Munthu wa kumtunda, kwa iye bwato ndi mtengo basi. Anaitana Kenneth, anadula ndi sowo, nkubowola mabowo a paipi. Nsonga yakutsogolo anaiwaza nkhuni, nkusonkhezera mbiya yake yoyamba. Ine ndinali kumaliro ku Nkhotakota. Ndikanakhalapo sizikanachitika, ulembe zimenezo.

Kachasu anatuluka wabwino, ndisaname. Madontho oyamba aja, okali kwambiri, Kenneth ndiye analawa.

"Mayi, uyu ndiye wa mabwana!" anatero akutsokomola. "A Nachisale akapume."

Madzulo Ester anataya madzi a m'chigoba nkuchivundikira. M'mawa anachipeza chili chagada, madzi ali tho. Iye ankathira a pamjigo, koma awa ankanunkha nyanja, fungo lija la ndere ndi mamba, pansi pali mchenga ndi tinkhono. Anati mwina ndi anthu oseweretsa. Anataya, anavundikiranso, nkuikapo mwala woti ananyamula awiri.

Kutacha, mwala uli pambali, madzi ali tho, usipa wamoyo ukusambira mmenemo.

Kenako anayamba kumva. Mukudziwa mdima wa kuno mwezi ukapita, woti dzanja lako suliona, achule atasiya kulira, bango lokha likuti waa, waa. Mkati mwa phokoso la bangolo munkamveka china, chapafupi, kuseri kwa nyumba kwenikweniko. Gu. Chete. Gu. Ngati nkhafi ikugunda m'mbali mwa bwato, pang'onopang'ono, mopalasa munthu wotopa amene wachokera kutali.

"Bambo," ananong'ona, "mukumva?"

Anapapasa pamphasa. Pozizira, palibe munthu. Anangodzifunditsa chitenje kumutu mpaka tambala. Povundukula, Kenneth ali gone pambali pake, buluku litanyowa mpaka m'chiuno, m'manja muli matuza.

"Munali kuti?"

"Kuti kuti? Ndagona pompano. Iwe ndiye wandithira madzi eti?"

Kenneth ameneyo nyanja ankaiopa ngati moto. Kusamba ankasambira m'ndowa, asodzi nkumamuseka kuti bwana akuopa kusungunuka. Koma anayamba kuwonda, maso kulowa. Fungo la kachasu likangomupeza, kusanza. Kutulo nkumayankhula Chiyao, munthu woti ngakhale moni wake sankaudziwa.

Anthu anayamba kunong'ona pamjigo. Ena amvekere ng'ona yoweta. Ena amvekere ndi Nachisale, wachita nsanje poona aphunzitsi akupita kwa Ester. Ine? Nsanje ndi kachasu wa mandimu? Asa!

Usiku wina Ester analimba mtima. Atamva gu uja anatenga koloboyi, nkutuluka chokwawa m'mbali mwa khoma. Kamoto kankangovina, mphepo ikufuna kukazimitsa. Chigoba sichinali pamalo pake. Panali mkukuluzi pansi, wolunjika kunyanja, ndipo anautsatira mpaka pamalire a munda wa chinangwa. Apo anamupeza Kenneth atakhala m'chigobamo, msana uli chilili, maso ali tong'o koma osaona kanthu. Ankapalasa. M'manja munalibe nkhafi, koma mkono ukatsika, gu! mtengo unkalira. Ndipo chigobacho chinkasuntha, pamchenga wouma, pang'ono, pang'ono.

"Bambo a kunyumba," anaitana.

Kenneth sanatembenuke. Anangoyankha motsitsa, ndi mawu okhuthala osakhala ake:

"Khala bwino kumbuyoko. Madzi akulowa."

Ester anacheuka. Kumbuyo kunalibe munthu, koma m'chigobamo, kuseri kwa Kenneth, madzi ankagavira okha ngati wina wasuntha phazi.

Ester anafika kwanga kusanayere, alibe ndi mpango womwe. Kutacha ndinapita kukaona. Nditangoona chigamba cha lata chokhomedwa m'mbali ndi misomali yopinda, ndinazindikira. Bwato limenelo ndinkalidziwa. Ndinatumiza mawu kwa Asiya, mkazi wamasiye wa pafupi ndi mzikiti.

Asiya anafika, anagwira chigambacho, nkukhala pansi.

"La a Binali ili," anatero. "Anakhoma okha."

A Binali anali mwamuna wake, Myao, msodzi wa utaka. Mwera unawapeza pochokera kuchilumba cha Mbenji chaka cha riferendamu, ndipo mtembo sunapezeke. Sanasambitsidwe, sananyamulidwe pa jeneza kupita kumanda monga achitira Asilamu.

Ndiye Asiya ananunkhiza mtengowo, nkumuyang'ana Ester.

"Mwatani nalo?"

"Sindinadziwe, amayi. Ndinkangoziziritsira..."

"Mowa? Subhanallah! Bwato ili moyo wake wonse lagwira ntchito ku Mbenji. Ku Mbenji mowa sufikako, ngakhale mwana akudziwa. Mwini wake sanaulawepo, bwato lake silinaunyamulepo. Wallahi, munthu alibe manda, chake chatsala ndi chomwechi, inu nkuchimwetsa haramu?"

Ester anangolira. Ine ndinati, kulira sikuchotsa munthu m'madzi, tiyeni tilitsuke tikabweze. Tinalikwecha ndi mchenga ndi phulusa, tinatseka mabowo a paipi ndi nsanza, tinalinyamula atatu, azimayi okhaokha, dzuwa lili pamutu. Titafika m'madzi a m'mawondo Asiya anaima.

"Kutsogolo kwake kuli kuti?"

Anatembenukira kwa Ester.

"Ndikufunsa, nsonga yake ili kuti?"

"Ndinasonkhera moto."

"Nanga mowa wa moto umenewo anamwa ndani?"

Tonse tinkadziwa yemwe analawa madontho oyamba.

Tinalikankha. Linapita pang'ono, nkuyamba kuzungulira pamodzimodzi, kuzungulira, kuzungulira, ngati nkhuku yodulidwa mutu. Bwato lopanda kutsogolo lingadziwe bwanji kolowera? Kenako linamira, osasiya ndi thovu lomwe. Asiya anapukuta manja pachitenje.

"A Binali safika nalo limeneli," anatero. "Azifunabe wowathandiza kupalasa."

Ester anasiya kutcheza tsiku lomwelo. Mbiya ija amasungiramo mpunga, paipi anakataya kuchimbudzi. Kenneth anachira, ananenepa, mumamuona akugulitsa sopo pamsika paja, wakuseka bwinobwino. Koma simunadzifunsepo chifukwa chake amatsimphina? Mwera ukangoyamba, Ester pogona amamumanga mwendo ndi chingwe cha khoka, nkumangirira kumzati wa nyumba. Mfundo yake ndinamuphunzitsa ndine, siimasuka ndi munthu wamoyo. M'mawa amapeza chingwe chili njo, cholunjika kunyanja, khungu la pakakolo litasupuka. Usiku wokha, masana sizinachitikepo. Ndiye chaka chathachi Asiya anabwera kudzandiuza kuti walota a Binali atanena kuti...

Ndani akuitanayo? Mphatso, tsegula chitseko, mphepoyi sindikumva bwino.

Ester? Lowa mwanawe, wathamangiranji chonchi? Chingwecho watengeranji? Wati Kenneth anangogona pang'ono atadya, ndiye unamumanga? Masana ano?

Bwera nacho kuno. Mayo ine. Chanyowa. Mfundo ili chimangire, koma mwendo wake mulibe.

Takondwa, taya cholemberacho, thamangira kugombe ukauze amuna atulutse maboti. Ndipatseni ndodo yanga. Ndodo yanga, inu!