Nyenyezi Zisanu za Makutu

Lachiwiri masana, mphunzitsi wina wopuma pantchito anafika pakhomo kuchokera ku ukwati wa mwana wake n'kupeza chitseko cha kukhitchini chothyoledwa. Firiji kulibe, TV kulibe, makina osokera kulibe. Ngakhale makatani anapita! Akubawo anabwera ndi lole dzuwa likuswa mtengo, oyandikana naye n'kumati mayiwo akusamuka.

Inali nyumba yachinayi mwezi umenewo. Sajeni wofufuza milandu anapeza chinthu chimodzi chofanana: eni nyumba onse anali ataimbira shopu ina yowotcherera zitsulo zotchingira mawindo, ataona malonda ake pa intaneti.

Apolisi sanachedwe. Anakatenga Mphezi, wowotcherera zitsulo pashopupo, yemwenso ankapita m'makomo kukayeza mawindo. Mphezi anakhalako kundende ali mnyamata chifukwa cha njinga ya eni. Mbiri yoipa sifa, imangogona.

Mwini shopuyo anali mchemwali wake. Ndiye anamulera makolo atamwalira, ndiyenso anamupatsa ntchito pamene aliyense ankamutsekera chitseko. Lachinayi m'mawa anakalowa mu ofesi ya Sajeni maso ali psuu.

"Bwana, mchimwene wanga sanabe."

"Aliyense wolowa muno amatero, mayi."

"Nyumba ya aphunzitsi sanapondeko. Aphunzitsiwo anangoimba foni, tsiku loyeza linali lisanafike."

Sajeni anasiya kulemba. Mfundo imeneyi inali itamusowetsa kale mtendere.

"Ndiye ndani ankadziwa kuti aphunzitsi akuchokapo?"

"Ine ndinayankha foniyo. Koma ndimayankha mafoni ambirimbiri, ndimaiwala. Saiwala ndi Makutu."

"Makutu ndi wantchito wanu?"

Mayiwo anapukusa mutu. Makutu inali pulogalamu ya nzeru za makina imene mwamuna wawo anaika pafoni ya pashopu. Chiyambireni kutsatsa malonda pa intaneti, mafoni ankagwa ngati mvula. Ena ongofunsa mtengo n'kudula, ena olakwitsa nambala, ena ofuna ntchito. Makutu ankamvetsera zokambirana zonse, n'kulemba mwachidule zimene munthu wanena, kenako n'kumupatsa nyenyezi. Wongocheza, nyenyezi imodzi. Wofunadi kugula, ndipo ali pachangu, zisanu.

Mayiwo anatsegula foni n'kumupatsa Sajeni. Pa dzina la mphunzitsi panali nyenyezi zisanu, pansi pake mawu akuti: "Akufuna zitsulo msanga. Amakhala yekha. Achokapo Lachisanu, abwera Lachiwiri." Nyumba zina zitatu zija, chimodzimodzi.

Sajeni anawerenganso mawuwo. Munthu amene ali pachangu kutchinga mawindo ndi uja akudziwa kuti nyumba itsala yokha. Eni nyumbawo ankaulula mantha awo poganiza kuti akugula chitetezo. Makutu analibe mlandu, ankangosankha makasitomala abwino. Tsoka lake, kasitomala wabwino wa shopu analinso kasitomala wabwino wa mbala.

"Mauthenga amenewa amapita kwa ndani?"

"Kwa ine."

"Basi?"

Mayiwo anayang'ana pansi.

"Ndi kwa bambo a kunyumba."

"Ndiye ndi inu kapena amuna anu, mayi. Mukufuna tidziwe?"

Funso limeneli linali lowawa. Mwamunayo anali bambo wa ana awo awiri, munthu wofatsa, wosamwa, woti pamsewu amapatsa moni ndi ana omwe. Dzulo lake lomwelo anati, "Usadandaule mkazi wanga, alamu tiwapezera loya wabwino." Koma Mphezi anali m'chitokosi, akugona pa simenti, ndipo khoti silimvera chisoni munthu wobwera kachiwiri.

"Ndikufuna," anatero.

Madzulo ake wapolisi wina wamkazi anaimbira shopuyo ngati kasitomala. Anati ndi namwino, amakhala yekha, Loweruka m'mawa akupita ku maphunziro a sabata yathunthu, ndipo akuopera katundu wake watsopano. Mayi wa shopu anayankha ngati sakudziwa kanthu. Foni itangoduka, Makutu anapereka nyenyezi zisanu.

Lachisanu lonse mayiwo anasunga chinsinsi. Anaphikira mwamuna wawo, anamusitira malaya, anaseka pomwe iye ankaseka. Mumtima ankapemphera kuti lole isabwere. Kenako ankakumbukira Mphezi n'kupempheranso kuti ibwere. Mulungu akanamva pemphero liti?

Loweruka cha m'ma 10 koloko, lole yoyera inaima pageti la nyumba ya namwino uja. Amuna awiri ovala maovolosi anatsika, wina atanyamula chitsulo chothyolera. Chitseko chitangoti phwa, anapeza apolisi anayi atakhala pamipando ngati alendo odikira tiyi.

Wamkulu wa akubawo sanalimbe. Anapereka foni yake. Munali mawu a Makutu omwewo, otumizidwa kuchokera pa nambala ya mwamuna wa mwini shopu.

Apolisi anakamupeza mwamunayo pashopu akupukuta kompyuta. Ataona maunyolo, anayang'ana mkazi wake.

"Ndiwe wachita zimenezi?"

"Mwachita ndinu, bambo."

"Ine sindinathyole chitseko cha munthu! Ndinkangotumiza uthenga."

"Makina ankamva, inu n'kumakanena," anatero Sajeni. "Tiyeni."

"Ana uwauza chiyani?" anafunsa mwamunayo akukwera galimoto.

Mkaziyo anatseka shopu n'kuwalondola kupolisi.

Kupolisi, Mphezi ndi mlamu wake anakumana m'khonde lopita kuchitokosi, wina akutuluka, wina akulowa. Mphezi anali atanyamula nsapato m'manja, ndevu zitamera mosalongosoka. Anaona maunyolo, anaona nkhope ya mchemwali wake, n'kumvetsa zonse popanda womuuza. Uyu ndi munthu amene anabwera kudzamuona Lachitatu, atamutengera sopo ndi mawu okoma.

Apolisi anayandikira, poganiza kuti pabuka ndewu. Mphezi anangowerama n'kuvala nsapato zake.

"Alamu," anatero, "bulangete ndalisiya pakona yakumanzere. Mugone kutali ndi chitseko, kumalowa mphepo."

Kenako anagwira mchemwali wake padzanja, n'kutuluka naye.