Makatani a Azakhali

Chimwalirireni malemu bambo ake a Kambalame, apongozi anali asanasekepo m'nyumba muja. Kubwera ankabwera ndithu, koma kunali kubwera kozonda: kutsegula makabati, kusisita mipando, kufunsa komwe kunapita wailesi ya mwana wawo. Ndiye tsiku limene analowa mano ali poyera, atanyamula kachipewa kamaluwamaluwa, amake Kambalame anaimitsa makina osokera n'kuwayang'ana kawiri.

"Mdzukulu wanga ali kuti?" anafuula apongoziwo. "Kambalame! Bwera udzaone zomwe agogo ako akubweretsera."

Kambalame anali mwana yekhayo wa m'nyumbamo, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake chifukwa pakamwa pake sipankatha nyimbo. Ali gone m'chipatala, bambo akewo ankakonda kumuuza kuti: "Ndikachira, iwe ndi ine ndi amayi ako tidzadzuka m'mamawa. Tidzayambira kunkhalango ya mitengo italiitali, ukaone anyani akuba buledi m'manja mwa anthu. Dzuwa likakwera tidzatsikira kunyanja yaikulu, ya madzi amchere." Sanachire. Mwana uja anasiya kuimba, koma kandowa kofiira komwe anamugulira kuti akatolere zigoba za nkhono ankagona nako.

"Lonjezo la womwalira silitayidwa," anatero apongozi, akumuveka mwana chipewa chija. "Loweruka likubwerali tikupita. Kunkhalango, kenako kunyanja. Galimoto ndapeza kale."

Kambalame anakuwa, n'kudumphira agogo ake m'khosi. Amake anagwira pakamwa, misozi ili mbwee. Anagwada pafupi ndi makina aja n'kunena kuti, "Amayi, Mulungu akudalitseni. Ndimayesa munatitaya." Mtima wa wamasiye suchedwa kukhulupirira, chifukwa umakhala ndi njala ya mawu abwino. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mawa lake kunabwera azakhali ake a Kambalame, mchemwali wa malemu, kudzathandiza kukonza ulendo. Anakhala patebulo onse, foni ili pakati, akuonetsana zithunzi za mitengo ndi mafunde. Anagwirizana zonyamuka kusanatenthe, kuti kunkhalango akayende mthunzi ukadali wozizira. Chakudya akadyere m'galimoto, poopa anyani. Kunyanja akafike masana, mwana asewere mpaka atope, azibwerera dzuwa likupendeka. Nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, buledi ndi zakumwa, zonsezo anati akonze amake Kambalame.

"Nanga inu, alamu, mudzakhala kutsogolo kapena kumbuyo ndi ife?" anafunsa amake Kambalame.

"Ine? Ayi ndithu," anayankha azakhali, akugwira pamphumi. "Ndikangoona mafunde, chizungulire chokhachokha. Achimwene aang'ono nawonso ali ku ntchito tsikulo. Inu pitani mukapume, mwalira mokwanira. Makiyi okha mudzandisiyire."

"Makiyi?"

"Eeh, kunyanja sapita ndi makiyi, mwana wanga," analowererapo apongozi. "Akagwera mumchenga ndiye basi, mudzagona panja."

Onse anaseka. Amake Kambalame nawo anaseka, n'kuvomera.

Tsono banja limeneli linali ndi nthenda imodzi yosachizika, kuumira. Chikwatiwireni amake Kambalame, palibe wa kuchimuna anapondanso kwa telala wina. Diresi la ukwati, yunifolomu ya mwana, zipi ya thalauza, ngakhale thumba lobooka, zonse ankadzaziunjika pamakina paja, zikomo yemwe osanena. Ndiye sizinadabwitse kuti pochoka, azakhali anatulutsa m'chikwama mpukutu wa nsalu yolemera, yobiriwira, ya timizere tagolide.

"Mlamu, ndapeza nyumba ina ya lendi, ndikusamuka posachedwa. Mundisokere makatani. Akhale atatha ulendo usanafike."

"Muyeso wa mazenera muli nawo?"

"Za matepi ine sindizidziwa. Ndayeza ndi zingwe." Anaponya patebulo zingwe zokulungidwa ziwiriziwiri, chilichonse chili ndi mfundo kumapeto. "Chachitali ndi msinkhu, chachifupi ndi m'lifupi. Musawononge nsaluyo, ndi yodula."

Masiku otsatirawo m'nyumba muja munabwerera nyimbo. Kambalame ankayesa chipewa pagalasi, kulongedza ndi kumasula kachikwama kake, kufunsa ngati anyani amaluma, ngati nyanja ili ndi tsidya. Amake ankamuyankha akupalasa makina, mtima uli mbee.

Makatani a mazenera aakulu anadula mosavuta. Atafika pa zingwe zotsiriza, anaima. Chimodzi chinali chachitali ngati cha chitseko, chinzake chachifupi, chosafika ndi pachigongono pomwe. Anaseka yekha. Nyumba yanji yokhala ndi zenera lowonda chotere? Mwadzidzidzi anasiya kuseka.

Zenera lotero analidziwa. Pomanga khitchini, malemu anapeza felemu yakale yomwe ena anachotsa pa sitolo yogumulidwa, yayitali ndi yowonda, ndipo anakakamira kuiika ngakhale womanga ankakana. Zaka zonsezo ankalitcha zenera la kundende, ndipo akayambana, mkazi ankangoliloza, mwamuna n'kuphulika kuseka.

Anapita kukhitchini. Anagwiritsa nsonga ya chingwe pakona ya felemu n'kuchikoka. Mfundo inakagwa pakona inayo ndendende. Anathamangira pabalaza, anayeza. Kuchipinda kwa mwana, anayeza. Kuchipinda kwake, komwe malemu ankagona, mfundo inagwanso pamalo pake. Apo ndi pomwe anakumbukira tsiku lina azakhali atabwera akudandaula mutu, n'kupempha kuti agoneko pang'ono, iye n'kumutuma kugolosale kukagula mankhwala.

Anakhala pansi pomwepo, chingwe chili m'manja, n'kulira kulira kosatulutsa mawu. Si nyumba yokha yomwe inamupweteka. Anthu aja anatenga mawu a munthu wakufa, mawu omwe mwana ankagona nawo, n'kuwasandutsa nyambo. Iye akadzakhala kunyanja akuthokoza, kuno adzakhala akusintha maloko. Ndipo chifukwa cha kuumira, anaona kuti n'chanzeru kuti makatani olowera m'nyumba yolandayo asoke mwini wake yemweyo.

"Amayi, mukulira chiyani?" Kambalame anaima pakhomo, chipewa chili kumutu.

"Singano yandibaya, mwanawe. Pita ukasewere."

Anapukuta m'maso, nabwerera pamakina. Makatani aja anawasoka bwino kuposa chilichonse chomwe anasokapo. Mipendero anaipinda kawiri, n'kuisita.

Loweruka m'mawa galimoto inaima pachipata ikuliza hutala. Kambalame anatuluka ngati muvi, kandowa kali m'manja, n'kukadziponya pampando wakumbuyo. Apongozi anatsika, azakhali ali pambuyo, dzanja litatambasulidwa kale kudikira makiyi. Atangolowa pachipata, azakhali anaima chilili, kukamwa kuli yasa.

Mazenera onse a nyumbayo anali atavala zobiriwira za timizere tagolide. Ngakhale zenera la kundende lija linali ndi katani yake, yowonda, yokwana bwinobwino.

Amake Kambalame anali ataima pakhomo, atavala zapakhomo, opanda nsapato.

"Akwana, alamu," anatero modekha. "Muli ndi dzanja labwino poyeza."

"Mwapenga kodi? Nsalu yanga mwaikoleka m'nyumba mwanu?"

"Munayeza mazenera anga. Ndimati mwina ndi mphatso."

"Iwe, usatichedwetse," anatero apongozi, mawu atayamba kuuma. "Vala, pereka makiyi, tizipita. Mwana akudikira."

"Sindikupita, amayi. Ndipo bambo aang'ono omwe ali ku ntchito aja, auzeni atuluke paseri pa golosalepo. Ndawaona kalekale, iwo ndi kalipentala wawo. Dzuwa liwapweteka."

Anthu oyandikana nawo anali atayamba kusuzumira pamipanda. Apongozi anayang'ana uku ndi uku. Wina akanachita manyazi, koma iwo anatembenukira kugalimoto, n'kufewetsa mawu ngati akunyengerera khanda.

"Kambalame, wamva? Amayi ako akukana. Bambo ako anafuna kuti uone nyanja, koma amayi ako sakufuna. Apemphe wekha."

Mwana uja anatsika akuthamanga, n'kudzagwira chitenje cha amake. "Amayi, tiyeni! Munalonjeza! Amayi, chonde, ndidzakhala mwana wabwino, sindidzalowa m'madzi akuya!" Ankakoka, akulira, mpaka anayamba kuwamenya ndi tizibakera pantchafu. "Ndinu oipa! Adadi akanakhala moyo tikanapita!"

Mawu amenewo analowa ngati mpeni. Amake Kambalame anagwira felemu ya chitseko ndi manja onse awiri kuti asagwe. Misozi inkatsika, koma phazi silinasunthe.

"Amayi," anatero akuyang'ana apongozi, "ndakuphikirani, ndakuchapirani, mwana wanu ndinamusamalira mpaka anatsekera maso m'manja mwangamu. Ngati ine simundifuna, chabwino. Koma uyu? Mukanamubweza madzulo ano ali ndi mchenga kumapazi, n'kupeza pakhomo pokhoma? Akanagona kuti?"

"Kwanu kulibe nyumba?" anakalipa apongozi. Chigoba chonse chinasweka tsopano. "Unabwera ndi chiyani pano, kupatula makina akuthawo? Njerwa izi ndi thukuta la mwana wanga! Mchemwali wake azivutika ndi lendi, iwe ukutambalala m'zipinda zonsezi, mawa udzalowetsemo mwamuna wina?"

"Nyumbayi tinamanga awiri. Ndipo ndi ya mdzukulu wanu."

"Mdzukulu? Kamtsikana aka, kodzakwatiwa n'kupita? Ndani akudziwa ngati n'kamwana wanga n'komwe? Kwathu kulibe mphuno yotere!"

Pamipanda panamveka "Aaa!" Mayi wina anawomba m'manja kamodzi, n'kugwira m'chiuno. Kambalame anali atasiya kumenya amake. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana agogo ake, ngati akuwaona koyamba.

"Agogo?"

"Agogo ako ndani? Bweretsa kuno chipewacho!" Anachizula kumutu kwa mwanayo mwamphamvu, lamba wake n'kumukanda pachibwano.

Mwanayo sanalire. Anabwerera chafutambuyo mpaka msana wake unagunda miyendo ya amake.

"Makatani anga ndikuwafuna!" anakuwa azakhali.

"Bwerani mudzawachotse anthu onsewa akuona," anayankha amake Kambalame. "Muwauzenso kuti munayeza liti, ndipo ine munandituma kuti."

Azakhali anayang'ana kumipanda. Kugolosale kuja, kalipentala anali atanyamula kale chikwama chake akupita, bambo aang'ono akumutsatira chozyolika.

"Sizinathe," anatero apongozi, akuloza ndi chala. "Nyumba siyenda, koma iwe uli ndi miyendo. Tsiku lina udzatuluka." Anakwera galimoto n'kumenyetsa chitseko. "Adalaivala, tiyeni. Galimoto yabwera kale, isabwerere chabe."

Ndipo taonani, azakhali omwe mafunde amawachititsa chizungulire aja anachira pomwepo. Anakwera kutsogolo, chipewa cha mwana chili pamiyendo, ulendo wa kunkhalango ndi kunyanja.

Amake Kambalame analowetsa mwana m'nyumba, natseka chitseko, nakhoma. M'nyumbamo munali kamdima kobiriwira. Patebulo panali dengu lomwe analongedza dzulo lake, poti manja anakana kusiya ngakhale mtima unkadziwa: nkhuku, mazira, buledi, thaulo la mwana. Anakhala pansi n'kumukumbatira, akupukuta kamagazi pachibwano.

"Amayi, tidzapita tokha?"

"Tidzapita, mwanawe."

"Liti?"

Mayi anayang'ana makiyi omwe anali atawamangirira m'chiuno. Kumsika adzapita mothamanga, kutchalitchi adzapempha woyandikana naye kuti aziyang'anira pakhomo. Koma tsiku lathunthu, kuchoka m'mawa mpaka madzulo?

"Nyumba singatsale yokha panopa," anatero motsitsa mawu.

Kambalame anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu. Anadzuka, natola kandowa kake kofiira, nalowa kukhitchini. Amake anamva mpopi ukutseguka, kenako chivundikiro cha botolo chikugwa pansi. Atapita kukaona, anapeza mwana atakhala pansi pa zenera la kundende lija, kandowa kali pakati pa miyendo, akuvundula madzi ndi dzanja. Botolo la mchere linali pambali, lopanda kanthu.

Anaviika chala, nalawa, nakwinya nkhope. Kenako anaviikanso n'kutambasulira amake.

"Talawani, amayi. Adadi ankanena yotereyi?"

Amake Kambalame anagwada, nalawa chala cha mwana wawo.

"Yotereyi," anatero. "Yomweyi ndithu."