Nkhope ya pa Chikwangwani Chachitatu

Womata zithunzi pa zikwangwani ankatsuka maburashi ake pakhonde madzulo, malole opita kudoko akunjenjemeretsa malata, pamene mkazi wake anatulukira.

"Bambo ake, mwana wakananso kudya."

Mwanayo anali mmodzi yekhayo, namwali. Nkhope yake inali pamwamba pa msewu wa kumafakitale, ikumwetulira madalaivala, sopo ali m'manja. Anamujambula ndi mkulu wina wa suti yoyera, amene anafika nati msewu umenewu ndi munda wosalimidwa: maso miyandamiyanda tsiku lililonse, owotsatsa malonda palibe. Anaimika zikwangwani zitatu, nasankha nkhope zitatu za m'deralo. Anthu anaomba m'manja. Paja chakudza sichiyimba ng'oma.

Koma chithunzi chikayamba kusuluka ndi dzuwa, mwini wakenso ankafota. Mlonda wa pafakitale, wa pa chikwangwani choyamba, anamwalira tsiku lomwe womata uja anang'amba chithunzi chake, ali ndi bala loyambira pachipumi mpaka kuchibwano. Mayi wogulitsa makala, wa pa chachiwiri, chimodzimodzi. Manong'onong'o anabuka. Madalaivala ankalumbira kuti chithunzi chotsalacho chimaphethira. Kuchipinda kwa namwaliyo kunayamba kununkha guluu.

"Abwana andiuza kuti mawa ndikachotse chachitatu," anatero bamboyo. "Akuikapo cha matayala."

Mkazi anagwada. "Chonde, musakang'ambe."

"Ndikakana atuma wina, ndipo winayo si bambo ake."

"Nanga mutani?"

"Sinding'amba. Ndikangomata chatsopano pamwamba. Adzakhala bwinobwino kunsiko."

M'mawa anakwera makwerero. Munthuyo anali mmisiri, ndipo umisiriwo ndi umene unadzamuliza. Anapaka guluu wokwanira, nasalaza pepala monga ankachitira zaka zonse, kufinya kampweya kalikonse kuti pasatupe. Pamphuno ndi pakamwa pa mwana wake anasalaza kawiri, mofatsa, ngati akumufunditsa.

Kulira anakumva asanafike pakhomo.

"Mwana watisiya, koma alibe bala," mkazi anatero akusisima. "Wangobanika. Amadzikanda kumaso ngati wina wamuphimba. Amaitana inu, bambo ake."

Anthu okwiya anathamangira ku ofesi ya mkulu wa suti uja. Anapeza chitseko chili pululu, mulibe ngakhale mpando.

Bamboyo sanapite nawo. Anabwerera kumsewu, nakwera, namatula pepala la matayala ndi zikhadabo mpaka zala zinatuluka magazi. Kunsiko mwana wake sankamwetuliranso. Kukamwa kunali yasa, ndipo pamilomo pankaoneka bwino mizere iwiri ya burashi yake.