Simenti Pamwamba pa Nthayo

Ine za nthano ndilibe nazo nthawi. Izi zinachitika masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo a Feliya amene amakolopa m'wodi ya amayi oyembekezera alipo mpaka lero. Kawafunseni.

Chipatala chathuchi chakula ndikuona. Ndili mtsikana chinali kanyumba ka zipinda ziwiri, namwino mmodzi ndi njinga yakapalasa. Kenako kunabwera malata, jenereta, thiyeta, nyumba za madokotala. Lero maambulansi amachokera ku Simlemba ndi ku Kaluluma kudzatula odwala kuno. Zimenezo sindidana nazo. Chimandipsetsa mtima n'chakuti pomanga zonsezi palibe anafunsako munthu wamkazi.

Kuseri kwa kanyumba kakale kaja kunali mtengo wa msuku. Pansi pake amayi ankaikapo nthayo, ana obadwa atafa kale. Amaika ndi akazi okhaokha, mosalira, dzenje losaya, dothi lopepuka, chifukwa ukamupsinja mwana woteroyo watseka njira ya obwera pambuyo pake. Wanga woyamba ali pamenepo. Amuna sauzidwa malowo. Ndiye komiti ya chipatala, ya amuna okhaokha, inadula msukuwo, n'kuthirapo simenti yokhuthala ngati ya mlatho, n'kumangapo wodi yatsopano ya amayi. Tinapita atatu kukawaletsa. Kapitawo wa omanga, a Tsoka, anangoti, "Pa mapu palibe manda apa, mayi." Nthayo inalembedwapo pa mapu liti?

Chaka chotsatira, mwezi wa makuponi a feteleza, mwana wanga Ezelina anagonekedwa m'wodi yomweyo ndi mimba yoyamba. Tsiku loitana maina kumudzi ine ndinali pa benchi ya chipatala, nazale ya fodya ikuuma kumunda. Matenda anamuyamba Lolemba. Lachitatu mwana anali asanatsike. Anamuika dilipi. Dokotala anali ku thiyeta ndi anthu a ngozi ya lole. Namwino anamvetsera pamimba nthawi yaitali, n'kunena kuti mtima wa mwana ukumveka patali.

Cha m'ma thu koloko m'wodi munangoti zii. Amayi onse obuula aja anasiya. Njiwa za padenga zinasiya.

Kenako fungo. Masuku akupsa, ndi dothi lonyowa. Mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

A Feliya anaima ndi chokolopera m'manja. Madzi a pansi onse ankayenderera ku ngodya imodzi, n'kumalowa m'simenti. Panalibe mng'alu.

Ndiye tinamva. Sikunali kulira, nthayo sizilira. Kunali kutsopatsopa, ngati khanda likufunafuna bere. Pansi pa simenti. Osati mmodzi.

"Mwamva, amake Ezelina?" anandinong'oneza a Feliya.

"Ndamva."

"Chitsegulireni wodiyi amatero. Koma lero anyanya."

"Munauzako ndani?"

"Ndiuze ndani? Ndichotsedwe ntchito?"

Ezelina anandigwira chitenje. Milomo itayera. "Amayi, wasiya kugunda."

Mantha ndinalibe, ndisaname. Unali mkwiyo. Ndinatuluka, n'kutola khasu la munthu wa maluwa, n'kuzungulira kukhonde la kuseri pamene panali tsinde la msuku. Malowo sindikanawaiwala, ndinagwadapo ine. Ndinamenya simenti ndi chidendene cha khasu. Kamodzi. Kawiri. Mlonda anandigwira mkono.

"Mayi, mukuphwanya katundu wa chipatala."

"Ali pansipa ndiye anayamba kufika, chipatala chanucho chisanamere mano. Ndisiyeni."

Kachitatu simenti inang'ambika. Mng'alu wake wolowa chala chimodzi basi. Munatuluka mpweya wofunda, n'kundipuma pa akakolo. Mlonda anandisiya yekha, n'kubwerera chafutambuyo.

Kutsopa kuja kunaleka.

M'wodimo munamveka kulira kwa khanda.

Namwino akuti dilipi ndi imene inagwira ntchito. Sindikutsutsa, iye anaphunzira, ndipo manja ake ndi amene analandira mdzukulu wanga Lameki. Kuponi sindinalandire chaka chimenecho, chimanga chinatuluka ngati zala. A komiti anandiitana kuti ndikapepese. Ndinawauza kuti ayambe apepesa iwo, malo ake ndikawalozera.

Pakhonde paja amatapo simenti katatu. Pamang'ambika pomwepo.

Koma chimene sindinawauze a komiti n'ichi. Nditalowa kukaona mwana, a Feliya anandiyang'ana pachifuwa, n'kundifunditsa chitenje chawo mwakachetechete. Bulauzi yanga inali itanyowa mbali zonse ziwiri.

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Womaliza wanga ndinamuletsa kuyamwa zaka makumi awiri zapitazo.

Unali mkaka.