Tayamika ndi Wakuba Wovala Siketi

Pakhomo pa a Overtone ndi mayi Prisca ku Cannington, kutsidya kwa nyanja, panali pamtendere. Bambowo ankatsitsa makatoni a kabichi kumsika wa Canning Vale, mayiwo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Viza ya banja lonse inkadalira ntchito ya mayi Prisca, ndipo panangotsala miyezi inayi kuti alandire mapepala okhazikika. Mwana wawo Tayamika anali atangomaliza sekondale.

Lamlungu lina atachoka kutchalitchi anaonera filimu ya wakuba wa ku Scotland, wandevu zofiira, wovala siketi yamabokosimabokosi. Ankagwadira amayi olemera n'kuwapsompsona dzanja, podzuka mphete ili m'kamwa mwake. Apolisi akati amugwire, ankagwera m'khola la nkhosa. Tayamika anaseka mpaka misozi.

Filimu itatha anagwadira bambo ake n'kuwagwira dzanja. Podzuka, wotchi yawo inali m'thumba mwake.

"Iii, mwana uyu!" a Overtone anaseka akumenya ntchafu. "Tabwereza ndione!"

"Abambo, mukuombera m'manja chiyani?" anatero mayi Prisca. "Tayamika, zala sizichedwa kuzolowera. Usiyiretu."

"Mami, n'zocheza," anayankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse.

Zochezazo anakaonetsa mnzake Samantha kumashopu, n'kumufotokozera za filimu ija. Samantha anamulozera kabotolo ka perefyumu.

"Wasiketi uja akanaopa kameneka? Sitolo yonseyi, alire ndani?"

Kabotolo kanalowa m'jekete. Sabata yotsatira zinalowa ndolo, kenako tcheni. Mayi Prisca anazipeza m'matumba pochapa.

"Wagula liti izi?"

"Wandipatsa Samantha."

"Mwanawe, kuno ndife alendo. Kuno sapepesa ndi nkhuku ayi. Amakulemba mu kompyuta, basi wathera pomwepo."

Poganiza kuti ntchito imuwongola, anakamupemphera malo kuntchito kwawo, n'kumusainira kuti ndi mwana wokhulupirika. Tayamika anayamba kuperekera tiyi m'zipinda.

M'chipinda china munali gogo Margreth, obadwira ku Scotland. Anali ataiwala ngakhale maina a ana awo, koma mphete ya malemu amuna awo ankaizunguza pachala tsiku lonse. Tayamika anawayankhula motsanzira wakuba uja, gogowo n'kuseka. Anagwada, n'kupsompsona dzanja. Chala chinali chitaonda, mphete inangovuka yokha. Potuluka anawasiya akusekabe.

M'mawa mwake gogo Margreth anakana chakudya. Ankangokanda chala mpaka chinatuluka magazi, akuitana dzina la mwamuna wawo.

Mayi Prisca sanafunse munthu. Atafika kunyumba analowa kuchipinda kwa mwana wawo, n'kuipeza mpheteyo m'nsapato.

"Nkhalamba yoti sidziwa ngakhale tsiku lalero! Tayamika, ndinabereka chiyani ine?"

"Ndimati ndibweza, Mami."

"Khala chete. Ndikabweza ndekha, nkhaniyi ithere m'nyumba muno."

Pa shifiti yam'mawa anati aike mpheteyo pansi pa pilo mwakachetechete. Namwino wamkulu analowa mphete ikadali m'manja mwawo.

Tayamika anali pakhonde ndi tiyi wake pamene apolisi awiri ankatuluka ndi mayi ake. Mayiwo anamuyang'ana kamodzi, n'kuwerama. Iye anangogwira kapu yake.

Tayamika anadzaulula patapita masiku atatu kuti anaba ndi iye, koma sizinathandize. Bwana wa kuntchitoko anati mayi Prisca anabisa kuba kochitidwa pa munthu wosatha kudziteteza. Ntchito inatha, ndipo panalibe nyumba ina ya okalamba imene inafuna kumva dzina lawo. Tayamika khoti linamupeza wolakwa. Ataimbira Samantha, anapeza kuti anamutsekera nambala. Kenako inabwera kalata yoti viza yathetsedwa.

Tsiku lolongedza katundu, Tayamika anagwada pakati pa masutikesi.

"Amayi, ndikhululukireni." Aka kanali koyamba m'zaka zambiri kuwayankhula m'Chichewa.

Mayi Prisca anapitiriza kupinda yunifolomu imene sadzaivalanso.

"Ndakukhululukira. Koma zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikusambitsa makolo a eni kuti iwe ukhale ndi pokhala. Zimenezo ndiye zapita. Dzuka, unyamule chikwamacho."

Achinyamata, kuba kulibe kocheza. Amene amalira si mwini sitolo yekha, ndi mayi anu omwe. Nanunso makolo, mwana akaba musamaseke, ndipo musamamubisire. Mudzamira naye limodzi.